Mwadya Mpunga, Che Hashimu?

Pageti la kompaundi ina ku Al Waab, mumzinda wa Doha, pali mlonda amene amapereka moni kwa magalimoto. Dzina lake ndi Hashimu, kwawo ndi ku Namwera, ndipo mukamuuza kuti galimoto siyankha, iye amati mkatimo muli anthu. N'zoona muli anthu, koma anthuwo amakhala atatseka magalasi akuda, choziziritsa chikupemerera, maso ali pafoni. Hashimu amakweza mtengo wotchinga njira uja, n'kuwerama pang'ono dzanja lili pachifuwa, n'kunena kuti, "Good morning, madam, how is the home?" Galimoto imadutsa, iye n'kudziona yekha m'galasi akuwerama.

Matenda a moniwa sanawatengere ku Doha ayi, anakula nawo. Analeredwa ndi amalume ake, a Mussa, telala wa pamsika, amene ankakhulupirira kuti mwana akhoza kulephera sukulu, akhoza kuthyola singano ya makina, koma asayerekeze kudutsa munthu osamulonjera. Tsiku lina Hashimu atatumidwa palafini, analowa pakhomo akuthamanga n'kudutsa mayi wina amene anakhala pakhonde kudikira diresi lake. A Mussa sanamumenye. Anangomubweza kugolosale konko, botolo lili m'manja, kuti akayambirenso ulendowo ndi kubwera ngati munthu. Phunzirolo linalowa mopitirira muyeso. Atakula n'kuyamba kabaza pa Mangochi, anali ndi miyendo yamphamvu ndi njinga yabwino, koma anthu othamangira kuchipatala ankamukana, chifukwa ankaima pa aliyense wodziwana naye kufunsa za ana, za mbuzi, ndi za mwendo wa apongozi. Ku Limbe, kumene analonderako sitolo ya matayala, anzake ankati wakuba akadzabwera, Hashimu adzayamba wamufunsa kaye mmene wawasiyira kunyumba.

Ndiye munthu wotereyu n'kumutenga kukamuimika pageti la ku Al Waab.

Ntchito yokhayo sinali yowawa. Kanyumba ka alonda kanali kozizira bwino, yunifomu ankachapiridwa, basi ya kampani inkabwera kudzawatenga. Chimene chinkamudya n'chakuti chaka chinatha, china n'kulowa, popanda mwini nyumba ndi mmodzi yemwe amene anamuyankha. Madalaivala ndi anthu a njinga zamoto obweretsa zakudya ankaponya "salaam" ali pa liwiro, osatembenuka. Hashimu sankadandaulira munthu, koma mumtima zinkamupweteka kwambiri. Anayamba kufupikitsa moni wake. "How is the home" anasiyidwa. Kenako "madam" nayenso anagwa. M'mawa wina anangozindikira kuti wakweza mtengo uja kwa magalimoto angapo osatsegula pakamwa n'komwe, ndipo anachita mantha, chifukwa kupatula moniwo sankadziwa kuti Hashimu ndi ndani.

Nyengo yozizira itayamba, kunyumba ya kumapeto kwa kompaundiyo, kumene kunkakhala injiniya wina wa ku Korea ndi mkazi wake, kunabwera mlendo. Anali mayi ake a injiniyayo, gogo Pyo, munthu wamfupi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wa tsitsi lopotanapotana ndi chipewa chopanda pamwamba koma chachikulu ngati lichero. Gogoyu sankakhala pansi. M'mawa uliwonse ankazungulira kompaundi yonse akuyenda ndawala, manja akuponya kutsogolo ndi kumbuyo, nkhope ili yoti munthu asawachedwetse.

Tsiku loyamba atafika pageti anaima, anamuyang'ana Hashimu kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, anawerama, n'kunena kuti, "Anyonghaseyo."

Hashimu anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwake kuli munthu. Kunalibe. Moniwo unali wake. Anawerama msangamsanga, ndipo poti wamkulu sangakupose kudzichepetsa, anawerama kuposa gogoyo. Gogo Pyo ataona zimenezo anaweramanso kutsikirapo. Hashimu anapinda ndi mawondo omwe. Akanafika pansi onse awiri pakanapanda lole yobweretsa madzi akumwa, imene inaliza hutala.

Kunyumba ya injiniya kuja kunkagwira ntchito Callista, mayi wa ku Chiradzulu, wosadziwa kusunga mawu m'kamwa. Anakhala ndi banjalo zaka zingapo, moti Chikoreya cha kukhitchini ankachimva. Masana atabwera pageti kudzalandira katundu, Hashimu anamukola.

"Achemwali, agogo anu aja anandiuza chiyani m'mawa?"

"Anakupatsani moni, Che Hashimu. Kapena mwaiwala mmene umamvekera?"

"Ndikufunsa tanthauzo lake."

"Madam anandiuzapo kuti ndi funso. Akuti, kodi muli pamtendere? Akuti kwawoko kalekale kunkagwa nkhondo, miliri, njala, moti ukagona sunkadziwa ngati mnzako wa nyumba inayo adzuke. Ndiye kukacha mumayamba mwafunsana."

Hashimu anaimeza nkhaniyo. "Ndiye ndi salaam yemweyu. Ndi mwadzuka bwanji yemweyu."

"Eya. Kungoti iwo safunsa za mbuzi."

Kuyambira tsiku limenelo Hashimu anatsitsimuka. Mawuwo ankawayeserera m'basi, kubafa, ndi pabedi lake la pamwamba, mpaka anzake a m'chipinda anamupempha kuti mtenderewo awasiyireko nawonso. M'mawa ankapukuta nsapato, n'kumasuzumira njira ya kumapeto kudikira chipewa chija. Zoweramazo anagwirizana popanda kukambirana kuti kamodzi n'kokwanira. Ngakhale "how is the home" anabwerera pantchito, ndipo magalimoto a ku Al Waab anayambanso kufunsidwa za kunyumba.

Patapita masabata angapo, gogo Pyo anawonjezera china. Atawerama, anakweza dzanja kukamwa ngati muli supuni, n'kufunsa kuti, "Pap mogossoyo?"

Hashimu anapita nalo kwa Callista, ndipo yankho lake silinamusangalatse.

"Akuti mwadya mpunga?"

"Ine?"

"Nanga geti limadya?"

Apa m'pamene Hashimu anakhumudwa pang'ono. Kumene iye anakulira, munthu wamkulu safunsidwa ngati wadya. Amafunsidwa mwana, kapena wodwala. Mlendo akafika umangomubweretsera madzi osamba m'manja, ndipo kumufunsa ndi njira yaulemu yomumanira. Anadziyang'ana pagalasi la kanyumba kaja kuti aone ngati wawonda. Sanawonde. Komabe wamkulu akafunsa amayankhidwa, tsono m'mawa mwake gogo atafunsanso, Hashimu anayankha mokwanira. Ndi Chingerezi, ndi manja, ndi zala zowerengera, anafotokoza kuti wamwa tiyi wamkaka, wadya buledi wopyapyala wa Chiarabu uja, wadyera mphodza, ndipo mphodzayo mchere unachepa. Za mpunga anati ubwera masana. Pamene ankafika pampungapo, gogo Pyo anali atakhota kale kuseri kwa damu losambira. M'mawa wotsatira anafunsanso, ndipo m'manja mwawo munalibe ngakhale nthochi.

"Achemwali, tandiuzani," anatero Hashimu kwa Callista. "Munthu amafunsa bwanji mnzake ngati wadya, kenako n'kumapita chimanjamanja?"

Callista anaseka mpaka kugwira mtengo wa geti. "Ndi moni chabe, Che Hashimu. Safuna menu yonse ya ku camp kwanu. Mungoti ne. Ne ndiye kuti inde. Khalas, nkhani yatha."

"Nanga ngati sindinadye?"

"Mumati ne basi."

"Limenelo ndi bodza."

"Mwezi watha dzino linakutupitsani tsaya ngati mwabisamo ndimu. Nditakufunsani kuti muli bwanji, munati chiyani?"

"Zimenezo ndi zina."

"Ndi zomwezo."

Hashimu sanavomere. Iye ankati moni ndi chinthu cholemera, sungaikemo bodza. Koma poti m'mawa uliwonse ankakhala atadyadi, ankati "ne" ndi mtima woyera, gogo n'kugwedeza mutu n'kumapitiriza ndawala yawo. M'kupita kwa nthawi funsolo linayamba kumukomera. Mkazi wake akaimba foni ankafunsa za kontilakiti ndi za tchuthi. A kampani ankafunsa ngati wasayina. Amene ankafunsa za m'mimba mwake m'Doha monse anali gogo wachipewa yekhayu.

Kenako mwezi wa Ramazani unaoneka.

Tsiku loyamba la kufunga, kusala kudya kuja, Hashimu anadya daku kusanache, anaswali, n'kufika pageti ali wopepuka, ndi kunyadira kuja kumene munthu amakhala nako njala isanayambe kuluma. Gogo Pyo anatulukira, anawerama, anakweza supuni yawo yosaoneka ija.

"Pap mogossoyo?"

Hashimu anadziwongola, anamwetulira mano onse, anasisita pamimba n'kupukusa dzanja. "No, mama. Today no eat. Ramadan."

Ankayembekezera kuti gogoyo achita chidwi, mwinanso kumuyamikira. Koma nkhope ya gogo Pyo inagwa. Anafunsanso, ulendo uno pang'onopang'ono, popanda kanyimbo ka masiku onse. Hashimu anabwereza kuti ayi, akumwetulirabe. Gogo anatembenuka osamaliza kuzungulira, n'kulunjika kunyumba ali ngati athamange.

Posakhalitsa anabweranso atanyamula kabokosi komangidwa m'kansalu. Anamasula, anatsegula. Munali mpunga wokulungidwa m'masamba akuda, wodulidwa timagudumutimagudumu, pakati pali zachikasu ndi zofiira. Anaupereka ndi manja awiri. Hashimu anabisa manja ake kumbuyo n'kunena kuti zikomo, koma ayi. Gogo anakankhira bokosilo pachifuwa pake. Hashimu anabwerera m'mbuyo. Iye sankadziwa kuti kwa anthu amenewa kukana kamodzi kapena kawiri ndi ulemu chabe, ndipo wopereka amayenera kukakamira. Tsono akamakana, gogo ankaona mwana woleredwa bwino amene akuchita manyazi, n'kumalimbikira. Mapeto ake anatola kagudumu kamodzi ndi zala n'kukakwezera kukamwa kwa Hashimu.

Dzuwa linali litakwera. Unali mwezi wa Ramazani, m'Doha, mmene kudya poyera masana ndi mlandu. Pamwamba pa geti panali kamera, ndipo kumbuyo kwa gogo kunali galimoto ikudikira. Hashimu anasokonezeka mutu, ndipo dzanja lake linachita zimene linazolowera pantchito. Linakwera, chikhatho chili poyera, monga amaimitsira malole, ndipo pakamwa panatuluka mawu a pageti aja.

"Stop. No."

Gogo Pyo anayang'ana chikhathocho. Anabwezera kagudumu kaja m'bokosi, anatseka, anamanga kansalu kaja mosafulumira, n'kumapita. Sanawerame.

M'mawa mwake chipewa chija chinatulukira ngati kale, koma chitafika pa maluwa ofiira amene ali chapatali ndi geti, chinatembenuka n'kubwerera. Mawa lake chimodzimodzi. Hashimu ankawerama ali patali, koma ankaweramira msana. Masiku amenewo ludzu ndi njala sizinali kanthu kwa iye. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti anaimitsa munthu wamkulu, wobwera ndi chakudya m'manja awiri, ngati lole ya zinyalala. A Mussa akanakhala moyo akanamubweza wapansi mpaka ku Namwera kuti akayambirenso. Ndipo pamwamba pa manyaziwo panali chisoni chenicheni, chifukwa munthu mmodzi yekha amene ankamuona pageti lija anasiya kumuona.

Kenako Callista anabweretsa nkhani yoipirapo. Gogo akubwerera kwawo Idi isanafike, kuthawa kutentha. Tikiti yagulidwa kale.

"Achemwali, chonde, kandipepesereni," anatero Hashimu. "Kawafotokozereni za Ramazani. Asapite ali ndi ine kukhosi."

"Za Ramazani anauzidwa kale. Bwana anayesa ku-explain zonse tsiku lomwelo atabwera ku site."

"Ndiye akwiyabe?"

"Sanakwiye."

"Nanga akutembenukiranji pamaluwa paja?"

Callista, amene nthawi zonse yankho limakhala pamlomo, ulendo uno anayamba waika pansi katundu amene ananyamula. Anati nkhaniyo anaimva kwa madam akuthira mchere kabichi. Gogo Pyo anakulira kumudzi, m'zaka za nkhondo ya kwawoko ndi zotsatira zake. Chaka chilichonse inkafika nyengo imene mpunga wa chaka chatha watha, balere wa m'munda asanache. Anthu ankasenda makungwa a mitengo, ankakumba mizu. Gogoyu ali kamtsikana anali ndi mlongo wake wamng'ono amene ankamubereka kumsana, ndipo chaka china mwanayo sanafike pa zokolola. Masiku amenewo funso la mpunga silinali moni chabe. Mnzako akati ayi, umalowa m'nyumba n'kugawa chimene chilipo, ngakhale chikhale madzi a phala. Pambuyo pake dziko lawo linalemera, njala inatha, koma funsolo linatsala pakamwa pa anthu, yankho lake n'kukhala inde nthawi zonse.

"Akuti zaka zonsezi palibe anawayankhapo kuti ayi," anatero Callista. "Mpaka inuyo, ndi mano anu onse pamtunda. Tsopano akuti sangadutse pamaso pa munthu amene akudziwa kuti sanadye, iwo alibe chomuchitira. Kudutsa osafunsa sangathe. Kufunsa sangathenso. Ndiye amatembenukira pamaluwa."

Hashimu anakumbuka njala ya 2002 ku Namwera, mmene anthu ankaphika mango aawisi ndi mizu ya nthochi, gaga atasanduka chakudya cha olemera. Chaka chimenecho "odi" anafa. Anthu anasiya kuyenderana masana kuti asachititsane manyazi, ndipo iye mwini, mwini wake wa moni, ankalambalala kuseri kwa nyumba za anzake kuti asakumane ndi maso a ana awo. Maluwa otembenukirapo ankawadziwa bwino. Anaona kuti kusafunsa kwa kwawo ndi kufunsa kwa gogoyu zinachokera m'mimba imodzi, ndipo zinamumvetsa chisoni kuti anaseka pamene sipanayenera kusekedwa.

"Komanso inu," Callista anayambiranso, poti chete samukhalitsa, "daku munadya tsiku limenelo. Simukanangoti ne?"

"Daku ndi wa usiku."

"Mimba imadziwa wotchi?"

Hashimu anazisiya zimenezo. "M'bokosi muja munali chiyani? Mulibe nkhumba?"

"Mpunga, dzira, kaloti, ndi masamba a m'nyanja. Kalotiyo ndimadula ndine."

"Ndiye kawauzeni abwere nalo pageti dzuwa likamalowa. Shifiti yanga imatha nditafutulu kale, nditamasula kusala. Ndipo mundifunsireko kwa madam chinthu china. Funso lija, kwa akulu amalinena bwanji? Sindingawafunse mmene amandifunsira iwo, ngati tinavinidwa limodzi."

Madzulo a tsiku lotsatira gogo Pyo anafika molawirira kwambiri, dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Chipewa anachisiya kunyumba, ndipo popanda icho ankaoneka wamng'ono ndi wokalamba kuposa mmene Hashimu ankaganizira. Sanapereke moni. Anangoima pambali pa kanyumba ka alonda, bokosi lili pachifuwa, maso ali kumwamba. Hashimu nayenso anayang'ana kumwamba. Callista anaima chapatali akunamizira kudikira katundu amene palibe anaitanitsa. Anthu awiri amene sankamvana chinenero anaima choncho akulikalipira dzuwa mumtima kuti lifulumire, ndipo dzuwa la ku Doha, poona kuti likudikiridwa, linachita dala kuchedwa.

Azana itamveka kumzikiti wa tsidya la msewu, Hashimu ananong'ona dua yake, anadya tende imodzi, chipatso cha kanjedza chija, n'kumwa madzi. Kenako anatembenukira kwa gogo n'kutambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, monga anamuphunzitsira a Mussa. Gogo anaona kagwiridweko n'kugwedeza mutu, ngati akuti kumeneko kuliko anthu olera ana.

Kunena zoona, kagudumu koyamba kanali ndi kafungo ka ukonde wonyowa. Hashimu anatafuna molimba mtima. Gogo Pyo sankayang'ana nkhope yake, ankayang'ana pakhosi, ndipo atangoona kuti chadutsa anamupatsa kachiwiri. Pofika kachitatu, mafuta a chitowe anayamba kumveka, ndipo Hashimu anasiya kudya mwaulemu n'kuyamba kudya mwanjala. Sanasiyidwe mpaka bokosi linayera.

Pamenepo gogo anabwerera m'mbuyo pang'ono, anakonza bulauzi yawo, anawerama ngati akumana kumene.

"Pap mogossoyo?"

"Ne," anatero Hashimu.

Maso a gogo Pyo anadzaza misozi. Anamumenya pamkono ndi kansalu kaja, akulankhula zambirimbiri m'chinenero chawo, ndipo Hashimu sanafune womasulira, chifukwa kukalipa kwa mayi kumamveka chimodzimodzi kulikonse. Anawasiya amalize. Kenako anawerama n'kutulutsa mawu amene anakhala akuwayeserera tsiku lonse, a akuluakulu aja.

"Shiksa hashossoyo?"

Gogo anadzidzimuka, kenako anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. "Ne, ne," anatero mofulumira.

"Bodza," anatero Callista ali poteropo. "Chidzukireni sanalawe kanthu. Akhala akukulunga mpungawo ndi kusuzumira dzuwa pawindo."

Hashimu anawayang'ana gogo aja. Anali atanena "ne" mosaphethira n'komwe, kuti iye asavutike mumtima. Sanafunsenso kachiwiri, poti kwawo mlendo safunsidwa. Analowa m'kanyumba kaja, anatenga mbale yake ya tende, n'kuipereka ndi manja awiri. Gogo anakana. Anaperekanso. Anakananso, akupukusa manja onse. Hashimu, amene tsopano anali atapita kusukulu, anakankhira mbaleyo patsogolo kachitatu, ndipo gogo Pyo anatola tende ziwiri n'kudya ataima pomwepo, magalimoto akudutsa.

Masiku otsalawo gogo ankabwera madzulo aliwonse ndi bokosi, ndipo m'mawa ankafikanso mpaka pageti, koma ankangoti "anyonghaseyo" n'kusunga funso lina lija mpaka dzuwa litalowa. Hashimu ndi mlonda yekhayo m'kampani yawo amene anamasula lamba m'mwezi wa Ramazani chaka chimenecho. Callista anayesa kumuphunzitsa mawu otsanzikirana, kuti wochoka amauza wotsala kuti atsale mumtendere, wotsala n'kuuza wochoka kuti apite mumtendere. Hashimu anati zimenezo asavutike kumufotokozera, ndi tsalani bwino ndi pitani bwino, angomupatsa mawuwo basi.

Tsiku la ulendo linafika Ramazani isanathe. Chakum'mawa dzuwa litakwera, galimoto ya injiniya inatulukira kuchokera kumapeto kuja, masutukesi ali kumbuyo, magalasi akuda ali otseka. Hashimu anakweza mtengo uja, anaika dzanja pachifuwa, anawerama. Galimotoyo inafika pansi pa mtengo n'kuima. Galasi lakumbuyo linatsika. Chiyambireni ntchito pageti limenelo, linali galasi loyamba kumutsikira popanda munthu wofuna kudandaula.

"Anyonghi kyeseyo," anatero gogo Pyo.

"Anyonghi kaseyo," anayankha Hashimu. Koma mawu awiri okha sakanamukwanira munthu wa ku Namwera, tsono anapitiriza m'Chichewa. "Muyende bwino, amayi. Mukafike bwino. Mukapereke moni kwa onse kunyumba, ana, zidzukulu, ndi oyandikana nawo. Mukawauze kuti kuno tilipo."

Akanafika ndi pa mbuzi pomwe, koma galimoto ya kumbuyo inaliza hutala. Injiniya anayamba kusuntha. Pamenepo gogo Pyo anagwira phewa la mwana wawo kuti aime kaye. Anamuyang'ana Hashimu nthawi yaitali, ndipo dzanja lawo linakwera lokha kukamwa, supuni yosaoneka ija ili m'zala. Madzulo a tsiku limenelo sakanakhalapo kuti afunse.

"Pap mogossoyo?"

Dzuwa linali likukwerabe. Kukhosi kwa Hashimu kunali gwa, m'mimba muli zii, ndipo kufutulu kunali kutali. Gogo ankadziwa zimenezo, ndipo Hashimu ankadziwa kuti akudziwa. Patsogolo pawo panali ulendo wautali wa pandege, woti munthu wokalamba aziganizira mlonda wanjala amene wamusiya pageti.

"Ne," anatero Hashimu. "Ne, amayi."

Mukamufunsa lero, amati anawerengera daku. Callista amati amusiye, bodza limenelo ndi lokhalo labwino limene anaphunzira ku Doha. Gogo Pyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anachotsa dzanja paphewa la mwana wawo, ndipo galasi linakwera. Hashimu anadzionamo akuwerama ngati masiku onse, koma ulendo uno ankadziwa kuti mkatimo munthu akuweramanso.